Mmene Mungapangire Zokongoletsa M'nyumba ndi Maapozi Otsala Osachita Chuku

Amene tikukhala kuno ku Britain timadziwa zimene zimachitika Seputembala akafika. Mtengo wa apozi wa kuseri kwa nyumba umayamba kugwetsa zipatso usana ndi usiku, ndipo anansi amaika makatoni odzaza pageti kuti aliyense wodutsa atengeko. Kwathu apozi ndi chipatso chogula chimodzichimodzi, chochokera ku South Africa, chimene timagulira wodwala kuchipatala kapena mwana tsiku la malipiro. Ndiye kuona maapozi akuwolera pa udzu, mtima umawawa. Mumadya, mumaphika, mumagawira a kutchalitchi, koma chidebe sichitha.

Ambiri amene amayesa kupanga zokongoletsa ndi maapozi otsalawa amagwa pamalo amodzi. Zidutswa zimada bii, kapena pakatha milungu iwiri zimachita chuku. Apozi ndi madzi pafupifupi 85 peresenti, ndipo dzuwa la Okutobala kuno silingaumitse ngakhale mpango. Kuyanika mfutso kapena makaka pa mphasa kumatheka ku Dedza mu Ogasiti, osati ku Leeds mvula ikuwaza tsiku lonse. Chaka changa choyamba ndinayala zidutswa pa thileyi pawindo la kukhitchini. Tsiku lachisanu zinali zitamera ubweya wotuwa, khitchini itadzaza tintchentche. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa kuumitsa. Mukagwira pamenepo, zotsalazo ndi zopepuka.

## Zofunika kukonzeratu

- Maapozi 12 mpaka 15 olimba bwino
- Mpeni wakuthwa wosachita dzimbiri, ndi thabwa lodulirapo
- Mandimu anayi kapena botolo la madzi a mandimu, ndi mchere
- Mbale yaikulu ndi tinsalu ta kukhitchini tiwiri toyera
- Mathileyi a mu uvuni ndi pepala loyala pophika makeke
- Mthiko
- Botolo lagalasi la chivundikiro, louma bwino mkati
- Singano yaikulu, ulusi wolimba kapena chingwe chopyapyala, ndi waya wofewa
- Timitengo ta sinamoni, ma clove (zonunkhiritsa chakudya zooneka ngati timisomali), ndi njere zochepa za mpunga
- Penti wa pansalu kapena wa papepala, burashi, nsalu yosalembedwa
- Timakandulo ta m'tizitini tija amati tea light

## Kusankha maapozi

Ogwa okha pansi ndi otchola mumtengo sagwira ntchito imodzi. Wogwa pansi amakhala atasupuka mkati ngakhale khungu likuoneka bwino, ndipo malo osupukawo ndi amene amayamba kuwola. Ameneyo musungireni madindo ndi makandulo, ntchito za tsiku lomwelo. Oumitsa akhale otchola ndi dzanja.

Potola pansi, tembenuzani kaye apozi ndi ndodo. Mavu amabowola n'kukhala mkati, ndipo nyengo imeneyi amaluma msanga. Mukaona kabowo kali ndi tinyenyeswa tofiirira pakhomo pake, mkatimo muli mbozi kapena inadutsamo. Amene ali ndi banga lofiirira lofewa lokhala ndi timadontho toyera tozungulira, tayani, asakhudzane ndi anzake.

Mtundu nawonso uli ndi kanthu. M'minda yambiri ya m'nyumba zakale mumapezeka Bramley, apozi wamkulu wobiriwira wowawasa, ndipo kukula kwakeko n'kwabwino posema nkhope. Pa zidutswa zopachika ine ndimakonda a khungu lofiira monga Cox, Spartan kapena Gala, chifukwa mzere wofiira wa m'mphepete umatsala ngakhale atauma. Ngati mulibe mtengo, funsani m'dera lanu za Apple Day, tsiku la maapozi limene bungwe la Common Ground linayambitsa mu 1990 ndipo limachitika pa 21 Okutobala kapena kumapeto kwa mlungu woyandikana nalo. Minda ya zipatso ya anthu a m'dera imatsegula zitseko masiku amenewo. Koma nthambi ya mnansi ikalowerera mumpanda wanu, zipatsozo ndi zake ndithu. Kagogodeni mupemphe, ambiri amasangalala kuti wina awachepetsera katundu.

## Kuumitsa zidutswa

1. Sakanizani madzi oviikamo musanadule kalikonse. Mu lita imodzi ya madzi ozizira finyirani mandimu awiri ndipo thiranimo masupuni aakulu awiri a mchere. Apozi akangodulidwa n'kukumana ndi mpweya amayamba kuda pa mphindi zochepa, ndipo kuwawasa kwa ndimu ndi mchere ndi zimene zimachedwetsa kudako. Mukadula kaye maapozi onse kenako n'kumafunafuna mandimu, mwachedwa kale. Mchere wake ndi wambiri chifukwa zidutswazi si zodya.

2. Tsukani maapozi, muwapukute, koma musasende. Khungu ndi limene limagwira chidutswa kuti chisaphwasuke pouma.

3. Dulani mopingasa. Mugoneke apozi chammbali, phesi liloze kudzanja lanu, n'kumadula ngati mukudula buledi. Mukatero pakati pamatuluka nyenyezi ya nsonga zisanu, zipinda za njere zija, ndipo kukongola konse kwa ntchitoyi kuli pamenepo. Mukadula kuchokera kuphesi kutsika pansi nyenyeziyo simuiona. Chidutswa chilichonse chikhale chochindikala mamilimita 4 kapena 5. Chopyapyala kwambiri chimapindika n'kuthyoka. Chochindikala kwambiri chimauma kunja, mkati muli madzi, ndipo chimenecho ndi chija chimadzachita chuku mu Disembala chili kale pakhoma. Njere zichotseni ndi nsonga ya singano mosamala kuti nyenyezi isang'ambike.

4. Ponyani chidutswa chilichonse m'madzi aja mukangochidula, ndipo zikhalemo mphindi 10. Musapitirire kwambiri, zimamwa madzi n'kufewa.

5. Pukutani. Yalani zidutswa pa kansalu kamodzi, vundikirani ndi kena, n'kusindikiza ndi chikhatho. Anthu ambiri amadumpha pano. Zidutswa zolowa mu uvuni zikudontha zimaphikika ndi nthunzi m'malo mouma, ndipo zimatuluka zofewa ngati mbatata yophika.

6. Yalani pa thileyi yoyalidwa pepala, osasanjikiza. Zisagundane. Ngati muli ndi kachitsulo kamizeremizere koziziritsirapo makeke, yalani pamenepo, mpweya umadutsa pansi ndipo zimauma mofanana.

7. Tenthetsani uvuni pa madigiri 90, kapena 80 ngati uli ndi fani. Pa uvuni wa magetsi, panikizani mthiko pachitseko kuti chitseguke pang'ono ngati chala chimodzi, nthunzi izituluka. Wa gasi musausiye chotsegula. Uikeni pa moto wochepetsetsa, thileyi ikhale pansi, ndipo muzitsegula chitseko kamphindi pa theka la ola lililonse. Ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, chitani ntchitoyi atagona.

8. Tembenuzani zidutswa pa mphindi 45 zilizonse. Zimatenga maola atatu kapena anayi. Musakweze moto pofuna kufulumira. Shuga wa mu apozi amapsa, ndipo zidutswa zimada m'mphepete pakati pasanaume. Popeza magetsi ndi okwera mtengo, dzazani mashelefu onse kamodzi m'malo moyatsa kangapo.

9. Yesani ngati zauma. Tulutsani chimodzi, chizizire, kenako chipindeni. Chizimveka ngati chikopa. Ching'ambeni pakati, ndipo musaone pena pakunyezimira kapena pakumata zala. Chikadali chotentha chimanamiza, chimaoneka chofewa ngakhale chauma, ndiye dikirani chizizire.

10. Zigoneke m'botolo usiku umodzi. Ikani zidutswa zozizira m'botolo lagalasi, tsekani, mulisiye patebulo. M'mawa yang'anani mkati mwa galasi. Mukaona thukuta ngakhale pang'ono, bwezerani zonse mu uvuni kwa ola lina. Pa malangizo onsewa, awa ndi amene sindingalole kuti muwadumphe, chifukwa botolo limaona madzi amene diso ndi chala sizinawaone.

Ngati simukufuna kuyatsa uvuni, tungani zidutswa pa ulusi, motalikirana chala chimodzi, n'kuupachika pamwamba pa rediyeta (chitsulo chotenthetsa m'nyumba) imene imayaka tsiku lililonse. Zimatenga masiku angapo, nthawi zina mlungu wathunthu, ndipo zimada pang'ono kuposa za mu uvuni. Musaziyale pa rediyeta penipenipo, komanso musapachike m'chipinda chimene mumayanikamo zovala.

## Nkhata ya pakhoma ndi chingwe cha pawindo

Nkhata yaikulu ngati mbale yodyera imafuna zidutswa zambiri. Apa ndi pamene maapozi 10 amathera.

1. Dulani waya wautali masentimita 80, mupinde kumapeto kumodzi ngati mbedza kuti zidutswa zisapulumuke.
2. Bowolani chidutswa chilichonse ndi singano pafupi ndi pakati, koma osati pa nyenyezi penipeni, pamenepo ndi pofooka.
3. Tungani pa waya. Pakatha zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mangirirani kamtengo ka sinamoni ndi ulusi. Musayese kubowola sinamoni ndi singano, amang'aluka.
4. Waya akadzaza, kolowekani mapeto awiriwo n'kuwapotokola. Bisani mfundoyo ndi kansalu. Ine ndimang'amba kachidutswa ka chitenje chakale n'kumanga ngati tayi, ndipo chofiira ndi chachikasu chimagwirizana bwino ndi mtundu wa apozi wouma.

Chingwe cha pawindo ndi chophweka kuposa nkhata. Lowetsani singano pamwamba pa chidutswa, pafupi ndi khungu, itulukenso pambali pang'ono, kuti chidutswacho chiyang'ane kutsogolo m'malo mozungulira. Mangani mfundo, siyani masentimita 8, tungani china. Dzuwa likawomba kumbuyo kwake, chidutswa chimawala ngati uchi ndipo nyenyezi ija imaoneka bwinobwino. Madzulo a Novembala, mdima ukuyamba 4 koloko, kandulo kapena nyale yapatebulo imachitanso chimodzimodzi. Chingwecho chitalikirane ndi galasi masentimita angapo, chifukwa mawindo a kuno amachita thukuta m'mawa.

Nkhatayi ndi ya m'nyumba. Pachitseko cha kunja imayamwa chinyezi usiku umodzi wokha.

## Madindo a apozi, ntchito ya ana

Apa ndi pamene ogwa pansi aja amagwira ntchito.

1. Dulani apozi pakati kamodzi kokha, mpeni udutse osabwerera. Mukacheka uku ndi uku nkhope yake imakhala ya mabampu ndipo penti sagwira ponse. Kudula kuchokera kuphesi kumapereka chithunzi cha apozi, kudula mopingasa kumapereka nyenyezi.
2. Gonekani nkhope yodulidwayo pa kansalu kwa mphindi 15 kuti madzi atsike. Mukapanda kutero penti amasungunuka n'kuyenderera.
3. Bayani foloko kumsana kwa apozi kuti mwana apeze pogwira.
4. Pakani penti ndi burashi mopyapyala. Musaviike m'mbale ya penti, amachuluka n'kutseka nyenyezi.
5. Pansi pa pepala kapena nsalu yalani thaulo lopinda. Pofewa pamathandiza kuti chidindo chigunde ponse. Ngati ndi thumba la nsalu, lowetsani katoni mkati kuti penti asadutsire mbali inayo.
6. Sindikizani molunjika, werengani mpaka 5, nyamulani molunjika. Mwana akapotokola dzanja chithunzi chimafufutika, ndiye muyeseni kaye pa nyuzipepala.

Penti wa pansalu amafuna kusitidwa kuti asachoke pochapa. Musiyeni aume tsiku lathunthu, yalani kansalu pamwamba, n'kusita monga zalembedwera pabotolo lake. Pa mapepala okulungira mphatso za Khirisimasi, pepala lofiirira lokulungira katundu ndi penti wofiira zimakwanira.

## Zoikamo makandulo

Izi ndi za madzulo amodzi, monga tsiku limene mukulandira alendo. Sankhani apozi amene akukhazikika patebulo osagwedera, ndipo ngati akupendekeka, sengani pansi pang'ono. Ikani kakandulo pamwamba, zungulizani ndi nsonga ya mpeni, n'kukumba ndi supuni yaing'ono mpaka kachitini kalowe kofanana ndi khungu. Pakani madzi a ndimu m'dzenjemo. Musachotse kandulo m'kachitini kake.

Ikani maapoziwo m'mbale yadothi kapena yagalasi, kutali ndi makatani ndi nkhata youma ija, ndipo musatuluke m'chipinda moto ukuyaka. Pamene pali ana aang'ono, timakandulo ta mabatire timalowa m'dzenje lomwelo. M'mawa mwake chotsani tizitini, maapoziwo muwadule n'kuwaika pa udzu. Mbalame zotchedwa blackbird zimawakonda, ndipo kukazizira kumabweranso redwing ndi fieldfare zochokera kumayiko a kumpoto.

## Nkhope za agogo

Iyi ndi ntchito imene ana saiiwala. Mumasema nkhope yosalala pa apozi, ndipo pouma imakwinyika yokha mpaka kufanana ndi gogo wa zaka zambiri. Ku America, makamaka kumapiri a Appalachia, anthu akhala akupanga zidole zotere kuyambira kale.

1. Tengani apozi wamkulu kwambiri ndi wolimba, Bramley kapena Granny Smith. Adzachepa kufika theka kapena kuposa.
2. Msendeni yense, kusiya khungu pang'ono kuphesi ndi pansi.
3. Semani mphuno poyamba, pochotsa mnofu m'mbali mwake ndi pansi pake. Ikhale yaikulu mopitirira, yotambalala ngati chala chachikulu. Mphuno yosema mwaulemu imazimiririka pouma. Kenako kumbani maenje awiri a maso ndipo chekani mzere wakuya wa pakamwa. Makwinya musawaseme, adzabwera okha.
4. Viikani mutuwo kwa mphindi 30 m'kapu ya madzi a mandimu osasungunula, mutathiramo supuni yaikulu ya mchere. Muziutembenuza kuti ponse pafike. Pukutani.
5. Bayani ma clove awiri m'maenje a maso, ndi njere za mpunga zitatu kapena zinayi m'kamwa zikhale mano. Chitani pano mnofu ukadali wofewa, pouma udzazigwira zolimba.
6. Lowetsani waya kuchokera pansi kutulukira kuphesi, mupinde mbedza, n'kupachika. Mutu wokhala pa mbale umawola pamene wagunda.
7. Yambitsani mu uvuni pa madigiri 80 kwa maola atatu, kenako pachikani pamalo ofunda ndi ouma, monga m'kabati imene muli thanki ya madzi otentha kapena pamwamba pa rediyeta. Dikirani milungu iwiri kapena itatu.
8. M'mlungu woyamba, tsiku lililonse tsinani mphuno, masaya ndi chibwano ndi zala kuti ziumire momwe mukufunira. Mukaona kadontho ka chuku, kapaleni ndi mpeni n'kupakapo ndimu ndi mchere. Chuku chikalowa mkati, tayani muyambenso.

Mutu ukauma, waya uja ndiye msana. Kulungani nsanza kuti likhale thupi, thonje likhale imvi, kenako chitenje ndi duku. Mwana wanga atamaliza chake anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti chikufanana ndi agogo ake amene amangowaona pafoni. Chinakhala pashelefu mpaka Isitala.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kupaka vanishi msanga. Vanishi amatsekera madzi mkati, ndipo chidutswa chimawolera pansi pa kunyezimirako. Ngati mukufuna kupaka, dikirani mlungu umodzi botolo litakuuzani kuti zauma, pakani mopyapyala mbali imodzi, iume, kenako inayo. Chitirani panja kapena mawindo ali otsegula.

Kupachika kukhitchini kapena pafupi ndi bafa. Apozi wouma amayamwanso chinyezi. Nthunzi ya mphika wa nsima ndi ya ketulo imafewetsa nkhata pa masiku ochepa. Ikafewa koma isanachite chuku, chotsani nsalu ndi kuibwezera mu uvuni wa madigiri 80 kwa ola limodzi.

Kudula mosiyanasiyana. Zopyapyala zimapsa zochindikala zisanaume. Ngati dzanja silinazolowere, sankhulani n'kuziika m'mathileyi osiyana, zopyapyala zituluke msanga.

Kugwiritsa ntchito mpeni wochita dzimbiri. Umasiya mizere yakuda pa mnofu imene ndimu sangachotse.

Kusiya zidutswa pofikira ana ndi agalu. Zimanunkhira ngati zodya, koma zili ndi mchere wambiri, mwinanso vanishi. Ngati mukufunanso zodya, umitsani thileyi ina ya maapozi otchola mumtengo, yoviika mu ndimu yekha, mutachotsa njere, ndipo muziike m'botolo lolembedwa.

Kusunga m'jumbo. Nyengo ikatha, musakulunge nkhata m'pulasitiki n'kuiponya kudenga kapena m'galaja, kumene kuli chinyezi ndi mbewa. Ikulungeni m'pepala, muiike m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo chitinicho chikhale m'kabati ya m'chipinda chofunda. Mwezi ukatha tsegulani muyang'ane. Chidutswa chimene chasintha mtundu kapena chafewa, chidulenipo chisanapatsire chinzake.